Mfuti zakale pa phunziro la mbiri: njira iti ingatheke kuno ku Chipata?

Mwana aliyense wa sekondale kuno amadziwa kulemba kuti Angoni a Mpezeni anagonja mu 1898 chifukwa Angerezi anali ndi zida zamphamvu. Yankho limeneli limapatsa malikisi. Koma mumufunse mwana yemweyo kuti mphamvuyo inali pati kwenikweni, mudzaona akuyang'ana kudenga. Mfuti zinafika m'dziko muno Carl Wiese, wamalonda wa ku Jeremani, asanaponde phazi kwa Mpezeni. Achikunda ochokera ku Tete ndi amalonda a Chiswahili ankabwera nazo kudzagula minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo mafumu ambiri anali nazo. Komabe Angoni, atanyamula zishango ndi nthungo, ankagonjetsa midzi ya eni mfutiwo. Nanga zinatheka bwanji kuti chida chomwe chinalephera kuwaletsa cha m'ma 1870 chiwaphwanye m'masiku owerengeka mu Januwale 1898?

Funso limeneli silimveka pa bolodi. Limafuna manja ndi miyendo, ndiye chifukwa chake aphunzitsi ena a mbiri amalakalaka kuti ana agwireko mfuti yakale, aimve kulemera kwake, aone mmene ankaithirira onga. Maganizowa ndi abwino, koma njira zochitira zimenezi zilipo zingapo ndipo sizifanana, ina ikhoza kukuchotsetsani ntchito, ina kupha mwana, ina kudya ndalama zonse za ulendo wa chaka chathunthu. Ine muyeso wanga ndi umodzi. Mwana akachoka pa phunzirolo, kodi angathe kufotokoza ndi pakamwa pake chomwe chimachitika m'masekondi 20 a pakati pa kulira koyamba kwa mfuti ndi kulira kwachiwiri? Nkhani yonse ili m'masekondi amenewo.

Ndiyambe ndi masamu ake, chifukwa popanda iwo kuyerekeza njirazi kulibe mutu.

Gogodela ndi mfuti yothirira kukamwa. Munthu amaiimika, n'kuthira onga mumpope, n'kuikamo kansanza ndi chipolopolo, n'kutsindira ndi kandodo kachitsulo, kenako n'kukonza poyatsira, kaya ndi pa mwala wothetheka moto kaya ndi pa kachipewa kamkuwa. Msilikali wa ku Ulaya wophunzitsidwa tsiku ndi tsiku ankawombera katatu pa mphindi imodzi, kutanthauza masekondi 20 pa chipolopolo chilichonse. Mlenje wa kumudzi, onga uli m'nyanga kapena m'chikho, ankatenga nthawi yoposa pamenepo. Ndipo mfuti imeneyi sinkalasa bwino chinthu chokhala patali kupitirira mamita 100. Mnyamata wamphamvu amathamanga mamita 100 amenewo m'masekondi osakwana 20, ngakhale atanyamula chishango. Mwini mfuti anali ndi mwayi umodzi basi. Akaphonya, kapena akalasa mmodzi mwa anthu makumi asanu, otsalawo ankamupeza kandodo kali m'manja. Mvula ikagwa onga n'kunyowa, ngakhale mwayi umodziwo unalibe. Amene anapindula ndi gogodela ndi omwe anali kuseri kwa linga kapena pamwamba pa phiri, monga Mwase wa ku Kasungu, chifukwa linga linkawapatsa nthawi yothiranso.

Martini-Henry, yomwe asilikali a Britain anayamba kuigwiritsa ntchito m'ma 1870, inasintha masamuwo. Imalongedzedwa kumbuyo, onga ndi chipolopolo zili kale pamodzi m'kachibotolo kamkuwa kosalowa madzi. Munthu ankawombera kakhumi kapena kupitirira pa mphindi, ali chogona, n'kulasa pa mamita 300. Maxim, ya Hiram Maxim ya mu 1884, inkalavula zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi. Ndipo mu 1890, ku Brussels, maiko a ku Ulaya anagwirizana zoletsa kugulitsa mfuti zamakonozi m'chigawo chachikulu cha Africa, moti mbali imodzi inatsala ndi gogodela dala. Gulu lomwe linachokera ku Nyasaland kudzamenyana ndi impi (magulu ankhondo) za Nsingo, mwana wa Mpezeni, linali ndi mfuti zolongedzera kumbuyo, ma Maxim ndi mizinga yaing'ono.

Kuwombera kwenikweni

Njira yomwe anyamata amaifuula ikangotchulidwa ndi yopita nawo kumalo ophunzirira kuwombera kuti aliyense akokeko kamodzi. M'maiko ena muli magulu osunga mfuti zakale omwe amachita zimenezi ndi ophunzira, ali ndi ziphaso, alangizi ndi malo otchinga bwino. Kuno mfuti zili pansi pa lamulo la Firearms Act, Chapter 110, ndipo sukulu si malo omwe angapatsidwe laisensi yoti ana aziwomberapo. Khomo lomwe lilipo ndi la makadeti, pansi pa asilikali a Zambia Army, ndipo kumeneko mfuti imagwiridwa monga mwa malamulo a usilikali, osati monga mwa sikimu ya mphunzitsi wa mbiri. Mfuti zomwe asilikali ali nazo lero si za mu 1898 ayi. Mwana akawombera mfuti yamakono saphunzirapo kanthu za Nsingo.

Koma tiyerekeze kuti zonse zatheka, chilolezo chapezeka, makolo asayina, mfuti yakale yabwinobwino ilipo. Mwana apezapo chiyani? Adzamva kugunda paphewa, makutu kulira, fungo la onga ndi utsi woyera wotchinga maso. Utsiwo ndi phunziro ndithu, chifukwa mfuti makumi atatu zikalira pamodzi owomberawo sankaonanso mdani. Kupatula apo, chotsala m'mutu mwa mwana ndi chisangalalo cha kuwombera. Pobwerera m'basi nkhani idzakhala ya yemwe analasa ndi yemwe anatsinzina. Mfuti ikalira imalanda phunziro lonse, ndipo mwana amayamba kusirira amene anali kumbuyo kwake, n'kuiwala kuti agogo a agogo ake ambiri anali kutsogolo kwake. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2022 pomwe maphunziro anakhala aulere, makalasi athu adzaza. Mlangizi mmodzi amayenera kuima ndi mwana mmodzi. Ana 70 ndiye kuti tsiku lathunthu la kudikira padzuwa chifukwa cha sekondi imodzi ya phokoso.

Ngati mukufunitsitsa kuti ana amve kulira ndi kuona utsi, pemphani kuti katswiri wokhala ndi chilolezo awombere yekha, popanda chipolopolo, ana ali patali. Ngakhale zimenezo zimafuna apolisi adziwe ndi kuvomereza. Ine njira iyi ndimaiika kumapeto kwenikweni.

Gogodela ya kumudzi

Iyi ndiyo yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi yosavuta. Mukangotchula za mfuti zakale m'kalasi, sipalephera kupezeka mwana wokweza mkono: "Aphunzitsi, agogo ali nayo kumudzi, ndingabweretse Lolemba." Ndipo sakunama. Ku Mambwe, ku Chadiza, ku Vubwi, m'midzi ya m'mphepete mwa chigwa cha Luangwa, zilipo zopachikidwa kudenga kapena zokulungidwa m'saka kuseri kwa nkhokwe.

Ikafika pafupi imakopa. Mtengo wake wada bii ndi thukuta ndi utsi wa zaka, posweka anamangapo ndi waya wamkuwa kapena chikopa chomwe anachikulunga chili chiwisi n'kuumira pomwepo, pena pali mikanda kapena kathumba ka mankhwala a ulenje. Zina zimakhala ndi chizindikiro cha chisoti chachifumu ndi mawu akuti TOWER pachitsulo cha pambali, umboni woti zinachokera ku England n'kudutsa m'manja ambiri zisanafike kuno. Chinthu chotere chimanena zambiri za malonda a minyanga kuposa tsamba lathunthu la buku.

Vuto ndi lakuti gogodela sionetsa ngati ili ndi onga m'kati. Mfuti yamakono mumaitsegula n'kuona. Iyi kumbuyo kwake n'kotseka, ndipo alenje ankakonda kuisunga ili yothira kale kuti nyama ikaoneka asachedwe. Onga wakuda ukakhala pouma umayaka ngakhale patapita zaka makumi ambiri. Mwini wake anamwalira kalekale, amene atsala sadziwa. Chachiwiri, zambiri za m'midzi si za ku England konse, ndi zosula kuno ndi mapaipi wamba, ndipo mpope wotere ukadyedwa ndi dzimbiri umaphulikira mwini. Chachitatu ndi lamulo. Gogodela nayo ndi mfuti pamaso pa boma. Mwana woinyamula pa njinga kupita nayo kusukulu, mphunzitsi woilandira, ndi ahedi omwe ili pa sukulu yawo, onse ali ndi mlandu woyankha, ndipo banja lomwe linalibe laisensi mwaliika poyera.

Choncho mwanayo muyankheni mofatsa koma mosabisa: asaikhudze, asaisunthe, auze akuluakulu kuti njira yabwino ndi kukaonana ndi apolisi. Chomwe mungatengepo pa mfuti imeneyo ndi mbiri yake. Mwana akafunse agogo kuti inachokera kwa yani, inagulidwa ndi chiyani, inapha nyama zanji, inasiya liti kulira. Ngati akuluakulu a pakhomopo alola, munthu wamkulu aijambule pa foni ili pomwe ilipo.

Pali kanjira kena kabwino kuposa pamenepa. Bungwe la COMACO, lomwe limagwira ntchito ndi alimi kuno kum'mawa, lakhala likulandira mfuti ndi misampha ya waya kuchokera kwa anthu osiya kupha nyama mozemba. Pakati pa anthu amenewa pali madoda omwe anagwira gogodela moyo wawo wonse. Mmodzi wa iwo akabwera m'kalasi chimanjamanja, n'kutenga ndodo ya tsache kusonyeza mmene ankathirira, mmene ankabisira poyatsira kukhwapa mvula ikamagwa, ndi zomwe zimachitika njati ikavulala koma osagwa, ana adzamva masekondi 20 aja kuchokera kwa munthu yemwe anawawerengapo ndi mtima wake. Paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale

Apa lamulo lili kumbali yanu, ndipo zinthu zake ndi zenizeni, zosamalidwa ndi anthu odziwa. Chovuta ndi mtunda. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka National Museum ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, tsiku lathunthu m'basi, ndiye muonjezepo malo ogona ndi chakudya. Livingstone Museum, yomwe ndi yakale kuposa zonse m'dziko muno, ili kutali kuposa apo. Moto Moto Museum ili ku Mbala, tauni yomwe inkatchedwa Abercorn, komwe von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Jeremani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anakapereka zida zake pa 25 Novembala 1918, ndipo pa mtsinje wa Chambeshi pomwe anamvera kuti nkhondo yatha pali chipilala chokhala ndi mzinga. Malo abwino onsewa, koma ndi makolo angati a ku Kapata kapena ku Mchini angalipire ulendo wotero? Amapita ndi ana khumi ndi asanu omwe makolo awo ali ndi kanthu, ndipo phunziro la kalasi yonse limasanduka mphatso ya ochepa.

Chinanso, galasi. Mfuti ikakhala m'bokosi lagalasi mwana amaiona kwa mphindi imodzi n'kupita pa chinthu china. Kulemera kwake sakumva. Ngati mwaganiza zopita, lemberanitu kalata oyang'anira, muwauze mutu womwe mukuphunzitsa, mupemphe ngati pali zinthu zomwe angatulutse kuti ana azione pafupi kapena kuzinyamula moyang'aniridwa. Kufika mwadzidzidzi ndi basi yodzaza kumangokupatsani ulendo wozungulira zipinda. Mupatsenso mwana aliyense ntchito: ajambule ndi pensulo mfuti imodzi, asonyeze pothirira, poyatsira ndi pogwira. Wojambula amayang'ana nthawi yaitali kuposa wodutsa.

Pafupi ndi ife pali Nsingo Community Museum ku Feni. Ulendo wake ndi wopita m'mawa n'kubwerera masana, ndipo ubwino wake ndi wakuti imayambira mbali yomwe mabuku amaifupikitsa, ya Angoni eni ake, zida zawo, zovala zawo ndi mbiri ya Nsingo yemwe anawomberedwa ndi Angerezi mu Febuluwale 1898 nkhondo itatha. Kwa ine ulendo umenewu ndi wofunika kuposa wa ku Lusaka, malinga ngati wabwera pambuyo pa njira yotsatirayi.

Mfuti zamatabwa ndi bwalo la mpira

Aphunzitsi ena amaiona ngati yachibwana. Ine ndimaiika patsogolo pa zonse, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ubwino wake uli m'kachitidwe.

Mupite kwa kalipentala akusemereni mfuti zisanu kapena zisanu ndi imodzi za mtengo wokhawokha. Chofunika si kukongola koma utali ndi kulemera. Gogodela ya usilikali inali yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, yolemera makilogalamu anayi ndi theka kapena asanu. Martini-Henry ndi Lee-Enfield, mfuti ya asilikali a Britain yomwe inabwera pambuyo pake, zinali cha m'makilogalamu anayi. Mtengo wopepuka ngati wa paini sukwana, mufune wolemera. Musaikepo paipi yachitsulo ngakhale pang'ono, ndipo muzipake penti yowala, yachikasu kapena yobiriwira, kuti aliyense woziona patali adziwe kuti ndi matabwa. Zishango zipangidwe ndi makatoni olimba, nthungo zikhale mapesi kapena bango lopanda nsonga.

Bwalo la mpira ndi lotalika pafupifupi mamita 100, mtunda womwewo wa gogodela. Ana asanu aime pa golo imodzi ndi mfuti zamatabwa. Poyamba aphunzire masitepe a kuthira, onse ndi manja okha: kuimika, kuthira, kuika chipolopolo, kusolola kandodo, kutsindira katatu, kubwezera kandodo, kukonza poyatsira, kukweza paphewa. Wodumpha sitepe mfuti yake yakana, ayambirenso. Mwana mmodzi agwire wotchi ya pafoni. Pa golo inayo paime ana makumi awiri ndi zishango. Mluzu ukalira, amfuti afuule kamodzi kuti awombera, n'kuyamba kuthiranso, azishango n'kuyamba kuthamanga. Malire akhale mzere wa penoti, palibe kukhudzana.

Chomwe chimachitika n'chimodzimodzi nthawi zonse. Pophunzira, ana amathira mwadongosolo, akuseka. Akangoona khamu likubwera, zala zimasokonekera. Wina amagwetsa kandodo, wina amaiwala chipolopolo, wina amangotaya thabwa n'kuthawira kuseri kwa golo. Pa ulendo wina mtsikana yemwe anatsala pang'ono kumaliza anatembenuka akupuma mwabefu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti mfutiyi inali yongoopsezera?" Ndinamuuza kuti afunse anzake omwe anathamanga ngati akanathamanga chimodzimodzi pakanakhala mpanda wa mitengo pakati. Mkangano womwe unabuka pamenepo unatifikitsa pa malinga, pa midzi ya pamwamba pa mapiri, ndi pa chifukwa chomwe Angoni ankakonda kufika mbandakucha.

Kenako musinthe lamulo limodzi lokha. Amfuti tsopano ali ndi Martini: amawombera pa masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi aliwonse, ndipo kuwombera kulikonse mphunzitsi amatchula dzina la wothamanga mmodzi kuti akhale pansi. Othamangawo ayambire kutali, kuseri kwa bwalo, chifukwa mfutiyi imafika patali. Pomaliza muike mwana mmodzi ndi chitini ndi kamtengo, aziimba mofulumira mmene angathere, ameneyo ndi Maxim. Sangafike pa kakhumi pa sekondi monga inkachitira mfutiyo, koma ana amamva kusiyana kwake. Pa ulendo wachitatuwu nthawi zambiri palibe wofika pakati pa bwalo, ndipo kuseka kumachepa kokha.

Matabwa omwewa amagwiranso ntchito pa nkhondo ziwiri za dziko lonse. Pa ya 1914 mpaka 1918, anthu ambiri a kuno sananyamule mfuti koma katundu, monga amtengatenga, ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi matenda osaona n'komwe Mjeremani. Mtolo wa munthu mmodzi unali wolemera ngati thumba la ufa la makilogalamu 25 lomwe timagula m'sitolo. Musamusenzetse mwana n'kumuyendetsa, ingomulolani alinyamule pang'ono n'kuliika pansi, kenako awerengere pa mapu mtunda wochoka ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, kukafika kumalire a kumpoto. Pa nkhondo yachiwiri, asilikali a Northern Rhodesia Regiment ankagwira Lee-Enfield ya .303 yolowa zipolopolo khumi, ndipo anakamenya ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Burma. Maina a malo amenewo tili nawo pakhomo: Gondar Barracks kuno ku Chipata, kuchokera ku mzinda wa ku Ethiopia womwe unagwa mu Novembala 1941, Tug Argan ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Chindwin ndi Kohima ku Kabwe. Ana ambiri amadutsa pa dzina la Gondar tsiku ndi tsiku akuganiza kuti ndi la mfumu ina ya kuno.

Njirayi ili ndi zofooka zake. Thabwa silinunkha onga, silitulutsa utsi, ndipo mantha a pa bwalo la mpira si mantha a imfa. Mphunzitsi akalekerera, zimasanduka maseŵera a nthawi yopuma. Choncho aliyense akhale ndi ntchito, wina wa wotchi, wina wolemba manambala, ndipo manambalawo abwerere nawo m'kalasi akawagwiritse ntchito polemba. Pogawa magulu, gwiritsani ntchito manambala a m'kaundula, osati mitundu. M'kalasi imodzi muli Angoni, Achewa, Ansenga, Akunda ndi Atumbuka, ndipo kuika Angoni mbali imodzi ndi Achewa mbali inayo ndi kuyambitsa nkhani yomwe idzapitirire ku dometole usiku. Zimathandizanso kuwakumbutsa kuti asilikali ambiri omwe anabwera ndi Angerezi mu 1898 anali Aafirika anzathu a ku Nyasaland, pamodzi ndi Asikh ochokera ku India, ndiponso kuti impi za Mpezeni zinali ndi anthu ambiri obadwa kwa amayi a Chinsenga ndi Chichewa. Mzere wa ife ndi iwo sunali woongoka. Ndipo ku Chadiza, Katete ndi Petauke kuli mabanja omwe anataya abale pomwe zigawenga za RENAMO zinkadutsa malire kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mwana akanena kuti safuna kugwira ngakhale thabwa, mpatseni wotchi, musamufunse zambiri.

Kuyenda pa nthaka yake, ndi Nc'wala

Chipata ili ndi mwayi womwe masukulu a ku Lusaka alibe: nkhondo ya 1898 inachitikira pano. Malo a Fort Young, linga la azungu la nthawi imeneyo lomwe lili kum'mwera kwa tauni, ndi amodzi mwa malo otetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission. Fort Manning, komwe anakasungira Mpezeni atagwidwa, ndi Mchinji wa lero, kungodutsa chipata cha Mwami. Tauni yathuyi, ikutchedwa Fort Jameson, inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Kuimirira ndi ana pa chitunda n'kuwafunsa kuti mamita 300 akuthera pati, kuti munthu angabisale kuti, kuti Maxim mungaiike pati, kumawaonetsa chifukwa chomwe kumenyana poyera, komwe kunkapatsa Angoni chipambano pa gogodela, kunawaphetsa pa mfuti zatsopano. Mtengo wake ndi wa galimoto basi. Koma musapite osadutsa kwa anyakwawa ndi kwa induna, ndipo mutenge munthu wa komweko wodziwa malo. Mphunzitsi akangofika ndi ana n'kuyamba kuloza minda ya eni, phunziro limathera pa bwalo la milandu.

Nc'wala ya ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, inaletsedwa nkhondo ya 1898 itatha n'kudzayambiranso mu 1980. Kumeneko ana amaona zishango zachikopa zenizeni, nthungo, nkholi, ndi mmene gulu la amuna limayendera ngati munthu mmodzi, nthaka n'kumanjenjemera. Mphamvu ya impi inali pamenepo, pa dongosolo la mabutho (magulu ankhondo a amuna a msinkhu umodzi) ndi kumvera, ndipo buku silitha kuionetsa. Koma tsiku la mwambo ndi la khamu, fumbi kapena matope, magalimoto a akuluakulu ndi malonda. Kuyang'anira ana makumi asanu pamenepo ndi ntchito yokalambitsa, ndipo palibe mpata wofunsa mafunso. Chabwino ndi kupempha gulu la ingoma la pafupi ndi sukulu libwere tsiku lina, mkulu wawo afotokoze kagwiridwe ka chishango, ana achinyamule. Chishango cha chikopa cha ng'ombe chinkabweza muvi ndi nthungo, koma chipolopolo cha Martini chinkangodutsa. Ndipo ng'ombe zomwe zinkapereka zikopazo Angerezi anazitenga zikwizikwi nkhondo itatha, kenako n'kubwera msonkho wa nyumba womwe unatumiza anyamata ku migodi ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia. Mwana wogwira chishango amamva msanga kuti kulanda ng'ombe kunali kulanda zida, chuma ndi malowolo nthawi imodzi.

Za makanema a pa intaneti sindichedwapo. Pa YouTube pali anthu omwe amaonetsa kuthira ndi kuwombera mfuti zonsezi, ndipo kanema wa mphindi ziwiri amapereka utsi ndi phokoso zomwe thabwa lilibe, popanda ngozi. Mukopereni pa foni mukadali ndi bandulo ndi magetsi, muonere nokha kaye, mudule mawu ngati wolankhulayo akungotamanda mfuti. Payekha kanema saphunzitsa zambiri, ana amaonera zoopsa kuposa pamenepo m'mafilimu. Akabwera ana atathamanga kale pa bwalo, amayamba okha kuwerenga masekondi a munthu wa m'kanemayo n'kumayerekeza ndi awo.

Kwa sukulu yokhala ndi ndalama zochepa, ndingatsate dongosolo ili pa temu imodzi. Matabwa ndi bwalo poyamba, kanema sabata yomweyo, kenako mlendo, kaya ndi mlenje wakale kaya mkulu wa ingoma, ndipo ulendo wa ku Feni pomaliza, ana ali kale ndi mafunso awoawo. Ulendo wa ku Lusaka kapena ku Livingstone uzikhala wa chaka chomwe thumba lalola. Temu yoyamba ndi yabwino chifukwa nkhondo ya 1898 inamenyedwa nthawi ya dzinja, udzu utatalika, ndipo Nc'wala imagwera momwemo, ngakhale kuti bwalo loterera limafuna kusamala ndi othamanga.

Musanapite kwa kalipentala, kambiranani ndi ahedi, mulembere makolo kalata yachidule yonena zomwe ana adzachite ndi zomwe sadzachita, ndipo ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lathu, ndi apolisi a pafupi adziwe kuti pasukulu pali matabwa osemedwa ngati mfuti. Muwalembe manambala, muziwawerenga potulutsa ndi pobweza, azigona mu ofesi yokiyidwa. Mwana asapite nalo kunyumba ngakhale atapempha kuti akaonetse makolo, chifukwa madzulo, m'njira ya m'komboni, penti yachikasu ija sioneka.